Mutu 5: Fodya wa Wapampando

1. Uthenga wa Lachiwiri

Uthenga unalowa pafoni ya Lefina Lachiwiri m'mawa, iye ali pamjigo. Anauwerenga kawiri, madzi n'kumasefukira m'ndowa osawaona. Bungwe la alimi a fodya la Tikolore linali kumuitana ku Kasungu Boma Lachisanu kuti akayankhe mafunso a ntchito, amene masiku ano aliyense amangoti intavyu. Bungwelo linkafuna munthu mmodzi woyang'ana fodya wa alimi asanadindidwe m'mabelo.

Lefina anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wa m'mudzi wina kufupi ndi Chamama. Fomu 4 anakhoza bwino, koma satifiketi yake inali itagona m'chikwama zaka ziwiri. Iyi inali intavyu yake yachitatu. Ku ziwiri zoyambazo anabwerako chimanjamanja.

Nthawi nayo inali itamuthera. Mayi ake, a Feliya, anali atalonjeza kale msuweni wawo wa ku Lilongwe kuti mwezi ukatha Lefina adzapita kukamulerera ana. Sikuti anali ouma mtima ayi. Anangotopa kuona mwana wophunzira akutha nsapato ndi kuyendetsa makalata. Ntchito ya ku Tikolore ikalephereka, Lefina akwera basi ya ku Lilongwe, za maofesi n'kuziiwala.

Wina akhoza kuganiza kuti mtsikanayu anali wogona m'mutu. Ayi ndithu. Vuto lake linali lakuti analeredwa bwino mopitirira muyeso. Pa intavyu yoyamba, pasitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza, analowa n'kugwada pakhomo, mpaka bwana anaimirira kufunsa ngati wadwala. Pa yachiwiri sanagwade, koma atamufunsa ngati amadziwa kulemba malipoti, anayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Ndimangoyesera." Atamufunsa ngati angathe kulankhula pagulu la alimi, anati, "Kaya, mwina pang'ono." Chonsecho uyu ndi yemwe ankawerenga Mawu m'tchalitchi Lamulungu, mpaka okhala kumbuyo n'kumamva bwinobwino.

2. Malangizo a mayi

A Feliya anali pakhonde, akuswa mtedza m'lichero, pamene Lefina anawawerengera uthenga uja. Anaika lichero pambali n'kupukuta manja pachitenje.

"Ndamva, mwana wanga, ndipo ndakondwa," anatero. "Koma khala pansi ndikuuze. Kumene ukupitako ukakumana ndi anthu akuluakulu, ena a msinkhu wa malemu bambo ako. Usakaiwale kumene wachokera. Ine sindinabereke mwana woyang'ana akuluakulu m'maso ngati akufuna ndewu. Wamkulu akamalankhula, iwe uzimva. Akalakwitsa, si iwe womukonza, alipo anzake oti amuuze. Akakupatsa chinthu, ulandire ndi manja awiri. Ndipo usakadzitame. Mtsikana wodzitama anthu amamuseka akangotembenuka, ndipo amene amanyozeka ndi mayi wake. Ntchitoyo kaya uipeza kaya suipeza, koma ndisakamve kuti mwana wa Feliya ndi wamwano."

"Ndamva, amayi," anayankha Lefina.

Mawu amenewa sanali oipa. Ndi amene anapangitsa kuti Lefina azikondedwa m'mudzi monse, ndipo iye ankawayamikira mayi ake chifukwa cha maleredwe amenewo. Koma tsiku limenelo anamulemera. Anali atawatsata kawiri konse, ndipo kawiri konseko anabwerako wopanda ntchito.

3. M'chigafa cha a Levison

Masana anapita kwa a Levison, oyandikana nawo nyumba. Mkuluyu anasankha fodya pa esiteti ina zaka makumi atatu ndi ziwiri asanabwerere kumudzi. Anali wofulumira kupsa mtima ndiponso wofulumira kuseka, moti ana sankadziwa kuti amuthawe kapena amutsate. Lefina anayamba kuwathandiza kusankha fodya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo maso a mkuluyo atayamba kuchita mdima, za mitundu ya masamba anazisiya m'manja mwake.

Anawapeza m'chigafa, momwe fodya wawo wa bale anali atapachikidwa kuti aume. Atamva nkhaniyo anagadabuza ndowa n'kukhalapo.

"Chabwino. Ine ndi bwana. Tuluka, ugogode, ulowe."

"Agogo, chigafa chilibe chitseko."

"Gogoda mzatiwo! Mafunso ndikufunsa ndine."

Lefina anagogoda mzati, akuseka, n'kulowa. A Levison anakweza mapewa n'kusintha mawu.

"Mayi, kodi mumadziwa kusankha fodya?"

"Ndimangoyesera, agogo."

A Levison anavula chipewa n'kuchiponya pansi, nkhuku yomwe inkatola tizilombo pafupi mpaka kuthawa.

"Zaka zisanu ndi zinayi! Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikukuphunzitsa, mabelo anga osabwezedwa ku okushoni ndi limodzi lomwe, ndiye lero ukuti ukungoyesera? Ndiye kuti ine ndakhala ndikuyeseredwa?"

Lefina anayang'ana pansi. Mkuluyo anatola chipewa chake, n'kuchikung'untha, mawu ake n'kutsika.

"Mwana iwe, mvetsera. Mawu akuti 'ndimangoyesera' ndi abwino kuno kumudzi. Mayi ako akaphika ndiwo zokoma, ukawayamikira, amati 'timangoyesera.' Mmisiri akamanga nyumba yoongoka amati 'timangoyesera.' Tonse timadziwa kuti akunama, ndipo bodza limenelo timalikonda, chifukwa ndiwozo tazidya ndipo nyumbayo tikuiona. Koma anthu a ku Boma aja sakukudziwa. Sanaonepo manja ako ali pantchito. Ali ndi mphindi zochepa, cholembera ndi pepala. Ukati ukungoyesera, iwo alemba kuti ukungoyesera, n'kuitana wina. Sangabwere kuno kudzandifunsa ine kuti mwana uja amatanthauza chiyani. Ndaona anyamata ndi atsikana ambiri odziwa ntchito akubwezedwa pageti la esiteti chifukwa cha mawu amenewa, ntchito n'kupita kwa munthu wosadziwa kusiyanitsa tsamba la m'munsi ndi la pamwamba. Zinkandiwawa nthawi imeneyo, ndipo sindikufuna zindiwawenso ndi iwe."

"Koma agogo, amayi akuti ndisakadzitame."

"Mayi ako akunena zoona, ndipo usandiyambanitse nawo. Kudzitama ndi kunena zimene ulibe, kapena kunena zimene uli nazo pofuna kuchepetsa anzako. Koma munthu akakufunsa kuti 'kodi umadziwa?' iwe ukudziwa, n'kuyankha kuti 'pang'ono,' pamenepo wamunamiza. Ulemu usausiye pakhomo, ulowe nawo. Upereke moni bwino, udikire akuuze pokhala, usadule munthu mawu. Koma zoona ulowe nazonso. Chimene ukuchidziwa unene kuti ukuchidziwa, ndipo unene kumene unachiphunzira. Chimene sukuchidziwa unene kuti sukuchidziwa, usachite manyazi. Maso akamakulemera, yang'ana pachipumi pa munthuyo, iye sadziwa kusiyana kwake. Mantha akabwera usadabwe, abwera ndithu. Ine tsiku langa loyamba pa esiteti ndinatuluka thukuta mpaka m'nsapato. Upume kaye, kenako uyankhe. Palibe amene anakanidwa ntchito chifukwa chopuma."

4. Masiku awiri okonzekera

Lachitatu ndi Lachinayi Lefina anagogoda mzati uja kosawerengeka. A Levison analetsa mawu atatu m'chigafa mwawo: "kaya," "pang'ono" ndi "ndimangoyesera." Akangotulutsa limodzi mwa mawuwa, ankamubweza panja kuti akayambirenso.

Anamuuzanso kuti atenge kope alembe zinthu zonse zimene amazidziwa pa fodya, kuyambira kunazale mpaka kudinda. Lefina ankaganiza kuti theka la tsamba likwana. Anadzaza masamba anayi, ndipo atawerenga anadabwa yekha. Zonsezo zinali m'mutu mwake kuyambira kale, kungoti panalibe amene anamuuzapo kuti ndi nzeru zoti munthu angalembedwe nazo ntchito.

"Ukuona?" anatero a Levison. "Sukupita kukapempha chifundo. Iwo ali ndi vuto la mabelo obwezedwa, iwe uli ndi maso ndi mphuno. Ukupita kukakambirana nawo."

Lachinayi madzulo a Feliya anamusitira siketi yakuda ndi bulauzi yoyera ndi simbi ya makala. Sanafunse zimene ankaphunzira kwa a Levison, ngakhale kukuwa kwa mkuluyo kunkamveka mpaka pakhonde pawo.

5. Pabenchi

Lachisanu Lefina anakwera minibasi yoyamba yochokera pa Chamama. Atatsika pa Boma anakwera kabaza mpaka ku ofesi ya Tikolore, ndipo anafika kudakali ola lathunthu. Pabenchi ya panja panadzakhala anthu asanu ndi awiri. Iye anali womaliza pamndandanda.

Pafupi naye panakhala mnyamata wina dzina lake Success, yemwe anaphunzira naye limodzi kusekondale. Anali atavala jekete ndi tayi, dzuwa la mwezi wa Epulo likuwotcha choncho. Success sankasowa cholankhula chiyambire. Ali pasukulu ankatha kuyankha funso mphunzitsi asanamalize kufunsa, ndipo kulakwa sikunkamuchititsa manyazi.

Success analowa wachisanu ndi chimodzi. Atatuluka anali akumwetulira, ndipo anawerama n'kunong'oneza Lefina.

"Aise, zophweka. Kumapeto kuli mdala wina, wapampando wa bungwe. Akupatsa fodya wa m'munda mwake kuti umuone. Ungomuyamikira basi. Ine ndamuuza kuti fodya ngati ameneyo sindinamuonepo, mdala mpaka kugwedeza mutu. Akuluakulu amafuna zimenezo."

Lefina anathokoza. Asanaganize zambiri, dzina lake linaitanidwa.

6. Mafunso

M'chipindamo munali tebulo lalitali ndi anthu atatu. Pakati panali mayi Consolata, oyendetsa ntchito za bungwe. Kumanja kwawo kunali bambo wina wolemba. Kumanzere kunali a Chiukepo, wapampando, bambo wa imvi wochokera cha ku Nkhamenya, amene Chichewa chawo chinkamveka Chitumbuka m'kati.

Lefina anapinda mawondo pang'ono popereka moni, n'kudikira mpaka atamuuza kuti akhale. Anakumbukira malangizo a a Levison. Anapuma.

"Tiuzeni, mumadziwa kusankha fodya?" anafunsa mayi Consolata.

Mawu akale aja anafika mpaka pamilomo. Lefina anawameza, n'kuyang'ana pachipumi pa mayiwo.

"Inde, mayi, ndimadziwa. Ndasankha fodya wa bale zaka zisanu ndi zinayi. Anandiphunzitsa ndi a Levison a kwathu, amene anagwira ntchito imeneyi pa esiteti. Ndimasiyanitsa masamba potengera pamene anathyoledwa pamtengo, kutalika kwake, mtundu wake ndi kukhuthala kwake. Zaka zitatu zapitazi fodya wawo yense ndasankha ndine, ndipo palibe belo limene linabwezedwa."

Bambo wolemba uja anadzutsa mutu n'kumuyang'ana, kenako analemba.

Mafunso anapitirira. Anamufunsa mmene angalankhulire ndi mlimi wokwiya, ndipo anayankha. Anamufunsa ngati anagwiritsapo ntchito makina a m'manja olembera mayina a alimi ndi kulemera kwa mabelo.

"Amenewo sindinawagwirepo, mayi. Kompyuta ndinaphunzira kusukulu. Wina atandionetsa, ndikhoza kuwadziwa msanga."

Mayi Consolata anagwedeza mutu. Kenako a Chiukepo anawerama n'kutulutsa kamtolo ka fodya pansi pa tebulo.

"Mwana wanga, uyu ndi fodya wa m'munda mwanga. Ndamulima ndekha, ndamusankha ndekha. Anzako onse amuona ndipo akondwa naye. Mawa ndikufuna ndimudinde. Tamuona nawenso, undiuze."

Lefina anaimirira n'kulandira ndi manja awiri. Kunja fodyayo anali wokongola zedi, masamba aatali, ofiirira bwino. Koma manja ozolowera sadikira kuuzidwa. Zala zake zinatsegula kamtolo kaja pakati, ndipo fungo linamufika asanaone n'komwe. Anapinda msana wa tsamba limodzi. Unali wofewa, wosauma. Pafupi ndi pomangira panali timadontho toyera ta chuku. M'kati munali mutabisala masamba aafupi a m'munsi, ndipo chomangira chake chinali kachingwe ka pulasitiki kosololedwa pathumba la feteleza.

A Chiukepo anali akumwetulira, akudikira.

Lefina anakumbukira mawu a mayi ake akuti wamkulu akalakwitsa si iye womukonza. Anakumbukiranso zimene Success anamunong'oneza. Kuyamikira kunali kosavuta, ndipo anzake onse anali atadutsa njira imeneyo. Miyendo inayamba kunjenjemera pansi pa siketi. Anapuma kachiwiri.

"Bambo, pepani, mundilole ndinene monga ndaonera. Fodya uyu sanafike podindidwa."

Kumwetulira kwa a Chiukepo kunazima.

"Ukuti bwanji?"

"Misana ya masamba sinaume, bambo, ndipo chuku chayamba kale. Onani apa. M'katimu mwasakanikirana masamba a m'munsi ndi a pakati. Komanso chingwe ichi ndi cha pulasitiki, ogula sachilola."

"Mwana iwe, ine ndinayamba kulima fodya mayi ako asanakubereke. Wabwera muno kudzandiuza kuti fodya wanga ndi woipa?"

Lefina anayankha mwaulemu.

"Sindinati ndi woipa, bambo. Masamba akunjawa ndi abwino kwambiri, akuonetsa kuti m'munda munagwiridwa ntchito. Atamasulidwa, n'kuumitsidwanso, n'kusankhidwa bwino, ambiri apulumuka. Koma ndikanena kuti mumudinde mawa, ndikhala ndakunamizani. Belo likakabwezedwa ku okushoni, wovutika mukhala inu nomwe."

Anabweza fodya uja ndi manja awiri. A Chiukepo anamulandira n'kumuponya pansi pa tebulo. Mayi Consolata anayang'ana pepala lawo.

"Zikomo, mungathe kupita. Tidzakudziwitsani."

7. Mafunso atatu a mayi

Ulendo wobwerera unatalika. Lefina anakhala pawindo la minibasi, akuona zigafa zikudutsa m'mbali mwa msewu, misozi ili m'maso. Anali ndi chisoni, ndipo anali ndi manyazi. Ntchito yapita, ndipo pamwamba pake wakhumudwitsa munthu wamkulu pamaso pa anzake.

Atafika sanapite kwa a Levison. Anakhala pakhonde pafupi ndi mayi ake n'kuwafotokozera zonse, osabisa kanthu. Ankayembekezera kukalipiridwa.

A Feliya anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa.

"Fodyayo unalandira ndi manja angati?"

"Awiri, amayi."

"Unayamba wapepesa usanalankhule?"

"Inde."

"Nanga chukucho chinalipodi, kapena unangofuna kuonetsa kuti ndiwe wodziwa?"

"Chinalipo, amayi. Ndinachimva ndi fungo lomwe."

"Ndiye sunachite mwano," anatero a Feliya. "Ine ndinakuuza kuti usakonze akuluakulu, ndipo mawu amenewo sindikuwabweza. Koma bamboyo anachita kukufunsa yekha. Ukanamuuza kuti fodya wowola ndi wabwino, ukanamuchitira chipongwe choposa, chifukwa ukanamutenga ngati mwana woti anyengereredwe. Bambo ako anali ofatsa, koma sankanamiza munthu pofuna kumukondweretsa. Lero wachita ngati iwo. Pukuta misozi. Za ku Lilongwe tikambirana mwezi ukatha, lero upume."

Lefina anatsamira paphewa la mayi ake ngati kamwana. Ntchito analibe, koma mtima unapepuka, ndipo anathokoza Mulungu kuti anamupatsa mayi wotere.

8. Foni ya Lolemba

Loweruka ndi Lamulungu zinadutsa popanda uthenga. Lefina anayamba kuchapa zovala zoti adzanyamule popita ku Lilongwe. Lolemba cha m'ma 10 koloko, ali pakati poyanika, foni inalira. Nambala inali yachilendo.

"Ndikulankhula ndi Lefina? Ndine Chiukepo, wa ku Tikolore."

Lefina anangopezeka wagwada pafumbi, foni ili kukhutu, ngati kuti mkuluyo akumuona.

"Ndine, bambo. Pepani kwambiri za tsiku lija."

Kumbali inayo kunamveka kuseka.

"Upepesa chiyani? Mvetsera, mwana wanga. Fodya uja si wa m'munda mwanga. Ndinamumanga dala Lachitatu, n'kumuwaza madzi, n'kubisamo zinyalala zija. Anthu asanu ndi awiri munamugwira. Awiri sanaone kanthu. Anayi anaona, ndinawaona m'maso kuti aona, koma anandiuza kuti ndine mlimi wa alimi. Mmodzi mpaka anati fodya wotere sanamuonepo, ndipo pamenepo yekha ndiye ananena zoona. Iwe wekha ndi amene unandiuza zimene zinali m'manja mwako, ndipo unandiuza mwaulemu. Bungwe lathu lavutika zaka ziwiri chifukwa oyang'ana fodya amaopa nkhope za anthu. Akaona mkulu wa mpingo, akaona mwini galimoto, amangoti dindani. Mabelo akabwezedwa timalira tonse, ndi amene anasankha bwino omwe. Sitikufuna munthu wopanda mantha, ameneyo kulibe. Tikufuna amene miyendo ikunjenjemera koma pakamwa pakunena zoona. Ntchito ndi yako. Uyamba Lolemba likubwerali pa depoti yathu ya pa Chamama, kwanu komweko. Yewo, mwana wanga."

Lefina anathokoza katatu kapena kanayi, mwina mkuluyo anali atadula kale. A Feliya, amene anamva zonse ali pakhomo, analuluta mpaka oyandikana nawo anatuluka m'nyumba.

Kenako Lefina anathamangira kuchigafa. Anawapeza a Levison akumasula fodya pandodo. Apa ndiye anagwada ndi mawondo onse awiri, ndipo panalibe womuletsa.

"Agogo, ndalembedwa. Zikomo. Munandiphunzitsa ntchito ndili mwana, ndipo sabata yathayi mwandiphunzitsa kuinena. Pandekha sindikanatha. Sindidzaiwala."

A Levison anatsokomola, n'kutembenukira kumbali, akutikita m'maso ndi chipewa.

"Fumbi la fodyali likundivuta masiku ano," anatero. "Dzuka, ukudetsa siketi. Ukathokozenso mayi ako. Za intavyuzi ine ndakuphunzitsa masiku awiri, iwo akuphunzitsa zaka makumi awiri. Ukanalankhula zomwezo mwamwano, bamboyo akanakupirikitsa."

9. Mlendo wa masana

Nkhani yabwino siichedwa m'mudzi. Dzuwa lisanapendeke anthu anali atayamba kale kubwera kudzagwira Lefina chanza. Amayi a kutchalitchi anaimba nyimbo pabwalo, ndipo a Feliya anatumiza uthenga ku Lilongwe kuti msuweni wawo afune wina wolera ana.

Anthu atachepa, panjira panatulukira njinga. Anali a Mwavi, malume ake a Lefina, mlongo wawo wa a Feliya. Ndi iwo amene anamuperekeza kusekondale tsiku loyamba, atanyamula sutikesi yake pamutu, ndipo ndi iwo amene anaimirira banja pamaliro a bambo ake. Pakeriyala ya njinga panali tambala wamkulu, womangidwa miyendo.

"Mphwanga! Wativeka ulemu!" anafuula asanatsike n'komwe. Anamasula tambala uja n'kumuika m'manja mwa Lefina. "Uyu ndi wako. Ndamva kuti akuika pa depoti yathu yomwe ino. Mulungu ndi wabwino."

"Zikomo kwambiri, amalume," anatero Lefina, akupinda mawondo.

A Mwavi anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi, mawu n'kutsitsa.

"Tsono mvera. Fodya wanga ndi amene ali woyamba kuonedwa Lolemba. Chigafa chinadontha ndi mvula yomaliza ija, ndiye wina anachita tinthu toyera pang'ono. Ndamuika m'kati, kunja ndakutira ndi wabwino. Chikhala kuti woyang'ana ndi mlendo, bwenzi ndikuda nkhawa. Koma iwe ndiwe wathu."

Anamusisita paphewa, akuseka, n'kupita kukapereka moni kwa mlongo wawo. Lefina anatsala chiimire pakati pa bwalo, tambala akupalapata m'manja mwake.